ZIMBABWE: Ntchito zamanja za m'mipingo ndi malonda a amayi ku Mabutweni

BULAWAYO - M'madera osauka a mzinda wa Bulawayo, monga Mabutweni, mipingo ndi amodzi mwa malo ochepa kumene mayi wopanda ndalama angaphunzire kusoka, kuluka kapena kutunga mikanda osalipira zambiri. Mbiri ya ntchitoyi ikuonetsa kuti kuphunzitsa luso n'kosavuta poyerekeza ndi kupeza mpamba, msika ndi malo ogulitsirapo. Nkhaniyi ikufotokoza chiyambi cha ntchitoyi, kayendetsedwe kake ndi zopinga zake.

Dera la Mabutweni

Mabutweni ili kumadzulo kwa Bulawayo, moyandikana ndi Iminyela, Mpopoma ndi Njube, ndipo anthu akumeneko amaitchanso Number 2. Nyumba zake zinamangidwa m'nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1950, kuti muzikhala amuna obwera okha kudzagwira ntchito m'mafakitale ndi kunjanji. M'kupita kwa nthawi, m'zipinda zomwe anamangira amuna opanda mabanja munadzaza mabanja athunthu, ndipo kwa zaka zambiri anthu akhala akudandaula ku khonsolo ya mzindawo za kuthithikana ndiponso zimbudzi zogwiritsa ntchito mabanja angapo.

Mwa anthu omwe anadzagwira ntchito ku Bulawayo munali ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena sanabwererenso kwawo, ndipo ku Malawi amawatcha matchona. Ana ndi adzukulu awo akupezekabe m'madera akale a mzindawu.

Bulawayo inali chimake cha mafakitale a nsalu ndi zovala, monga Merlin ndi National Blankets. Mafakitalewa anayamba kufooka boma litayamba ndondomeko yosintha chuma ya ESAP mu 1991, ndipo zinthu zinaipiratu pofika mu 2008. Amuna atachotsedwa ntchito, udindo wodyetsa mabanja ambiri unagwera amayi.

Chiyambi cha ntchitoyi

Kusoka kunalowa m'mipingo kudzera m'sukulu za mishoni ndi m'magulu a amayi. Ku Zimbabwe maguluwa, monga Manyano kapena Ruwadzano a mpingo wa Methodist ndi Mothers' Union ya Anglican, amakonda kukumana Lachinayi. Ndi ofanana ndi Mvano, Chigwirizano ndi Umanyano a mpingo wa CCAP ku Malawi, kapenanso amayi a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist, omwe dzina lawo linachokera kwa mayi wosokera amasiye zovala wotchulidwa m'buku la Machitidwe. Poyamba cholinga chinali chakuti mayi adziwe kusamala pakhomo. Ganizo lakuti luso lomwelo lingakhale bizinesi linakula pamene umphawi wa m'matauni unakula.

Mipingo ina yoyambitsidwa ndi Aafirika inapita patsogolo pankhaniyi. Otsatira a Johane Masowe, yemwe anamwalirira ku Ndola mu 1973, anaphunzitsidwa kudzidalira m'malo molembedwa ntchito. Anatchuka ndi kuluka madengu ndi kukhoma ziwiya zamalata, moti ku Korsten, mumzinda wa Port Elizabeth, anthu ankangowatcha oluka madengu. Mpingo wa ZAOGA, womwe anauyambitsa Ezekiel Guti mu 1960, uli ndi dongosolo lotchedwa matarenda, lochokera pa fanizo la matalente: mamembala, makamaka amayi, amachita timalonda ting'onoting'ono kwa nyengo yoikika n'kupereka phindu ku mpingo. Oyamikira dongosololi amati limaphunzitsa amayi malonda, pomwe otsutsa amati phindu lalikulu limatsalira mpingo.

Nayo khonsolo ya Bulawayo inatsegula malo a Mzilikazi Art and Craft Centre mu 1963, komanso inakhazikitsa Bulawayo Home Industries pofuna kuthandiza amayi osauka kupeza ndalama ndi ntchito zamanja.

Momwe ntchitoyi imayendera

Kawirikawiri mpingo umapereka chipinda, makina osokera ochepa ndi mphunzitsi. Amayi amaphunzira kusoka mayunifolomu asukulu ndi a kutchalitchi, kuluka majuzi ndi madoyilo, kunyika nsalu, kutunga mikanda ndi kuluka madengu a mlaza. Ambiri mwa ophunzirawo amakhala amasiye, agogo olera ana amasiye ndi atsikana osiyira sukulu panjira.

Chomwe mpingo uli nacho choposa mabungwe ena ndi kukhulupirirana. Amayi opemphera pamodzi amadziwana, motero savutika kusonkherana ndalama ndi kubwerekana. Ku Zimbabwe magulu oterewa amawatcha mukando, ku Malawi banki m'khonde. Njira yosunga ndi kubwereketsa ndalama m'magulu inafalikira kuchokera ku ntchito ya bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo bungwe la Catholic Relief Services lili ndi njira yake yofanana nayo yotchedwa SILC. Ngongole ya m'gulu imapulumutsa mayi kwa akatapila, koma imakhala yochepa: ingagule nsalu ndi ulusi, osati makina amagetsi.

Vuto la msika

Malonda a zinthu zamanja ali ndi misika itatu, ndipo uliwonse uli ndi zovuta zake. Msika wapafupi ndi wa anansi ndi akhristu anzawo, omwenso ndi osauka ndipo amakonda kutenga katundu pangongole. Kumeneko telala amalimbana ndi kaunjika, yemwe ku Zambia amati salaula ndipo ku Zimbabwe amati mabhero. Boma la Zimbabwe linalengeza zoletsa kuitanitsa zovala zoterezi mu 2015, koma sizinasowe m'misika.

Msika wachiwiri ndi wa kunja kwa malire. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amayi ambiri a ku Zimbabwe ankapita ndi madoyilo ku South Africa ndi Botswana, n'kubwerako ndi katundu wodzagulitsa kwawo. Ulendo wotere umafuna pasipoti, ndalama zoyendera ndi munthu wotsala ndi ana.

Msika wachitatu ndi wa alendo odzaona malo ndi mabungwe ogula katundu pamtengo wachilungamo, omwe ena mwa iwo anayambira m'mipingo. Bungwe la Ten Thousand Villages linayamba mu 1946 pamene Edna Ruth Byler, wa mpingo wa Mennonite ku America, anayamba kugulitsa nsalu zopeta za amayi a ku Puerto Rico. Ku Britain, akhristu anakhazikitsa Traidcraft mu 1979, koma kampaniyo inagwa mu Januwale 2023. Izi zikusonyeza kuti gulu lodalira wogula mmodzi wakunja lingathe tsiku lomwe wogulayo watseka.

Zopinga zina

Mu Meyi 2005 boma linayamba kugwetsa nyumba ndi misika yomwe linkati ndi yosaloledwa, pa ntchito yotchedwa Murambatsvina. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, ntchito kapena zonse ziwiri. Malinga ndi boma lenilenilo, mu Julaye 2008 kukwera mitengo kwa zinthu kunafika pa 231 miliyoni peresenti, ndipo ndalama zomwe anthu anasunga zinasanduka mapepala. Kuchokera nthawiyo ndalama ya dzikolo yasinthidwa kangapo, ndipo ya ZiG inayamba mu Epulo 2024.

Kwa amayi ochokera m'mabanja a matchona palinso vuto la ziphaso. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti ambiri obadwa kwa makolo akunja ayesedwe alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe omwe kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, komabe lipoti la Amnesty International la mu 2021 linapeza kuti ambiri akulepherabe kupeza ziphaso chifukwa chosowa zikalata za makolo awo. Wopanda chiphaso sangatsegule akaunti, ngakhale ku Zimbabwe Women's Microfinance Bank, banki ya amayi yomwe boma linatsegula mu 2018.

Zomwe zimathandiza

Malonda odalirika kwambiri kwa magulu oterewa ndi a zinthu zofunika chaka ndi chaka, monga mayunifolomu asukulu ndi a magulu a amayi, chifukwa kaunjika sangalowe m'malo mwake. Pamafunikanso kuphunzitsa kuwerengera mtengo wa nsalu, ulusi ndi nthawi yogwira ntchito, kuti mayi asagulitse katundu motsika kuposa zomwe walowetsa. M'dera lothithikana ngati Mabutweni, kumene chipinda chimodzi ndicho chogona, chophikira ndi chochezera, kulola omaliza maphunziro kupitiriza kusokera patchalitchi kungathandize koposa satifiketi yomwe amalandira pa tsiku lotsekera maphunziro.