Mkangano wa Maso Awiri

Mukafika pa Fingoe, likulu la boma la Maravia ku Mozambique, sankhani nyumba imodzi imene ili chapatali ndithu patsogolo panu. Tambasulani mkono, muimike chala chachikulu. Tsinzinani diso lamanzere, muone pamene chalacho chaphimba pakhoma. Kenaka, mkono uli chiimire, tsegulani lamanzerelo mutsinzine lamanja. Chala chidumpha. Nyumba sinasunthe, mkono sunagwedezeke, koma chala chachoka pachitseko chakatera pazenera.

Chasintha ndi poonera. Maso a munthu wamkulu amatalikirana mamilimita pafupifupi 63, kuyeza kuchokera pa mwanadiso wina kufika pa mnzake, choncho lililonse limaona dziko lili pakepake. Asilikali ndi anthu oyenda m'mapiri amayerekeza mtunda ndi kudumpha kwa chalaku. Mkono wotambasula umatalika pafupifupi kakhumi kuposa mpata wa pakati pa maso, ndiye chala chikadumpha mamita 5 pakhoma, nyumbayo ili pa mamita 50 kapena kuyandikira pamenepo.

Kusiyana kwa zithunzi ziwirizi, cha diso lamanja ndi cha lamanzere, akatswiri amakutcha binocular disparity, ndipo namwino amene anaphunzira m'Chipwitikizi ku Tete kapena ku Beira adzati disparidade binocular. Chimene ubongo umapanga nako kusiyanako, kuti munthu azimva ndi maso kuti ichi chatundumukira kwa iye pamene icho chalowa mkati, ndiye stereopsis. Mawu awiriwa si amodzi. Loyamba ndi la masamu, mungaliyeze ngakhale pa makamera awiri oyandikana. Lachiwiri limachitika m'mutu, ndipo alipo anthu amene diso lililonse palokha limawerenga zilembo bwinobwino, koma stereopsis alibe. Ubongo uli ngati mfumu pabwalo la milandu imene yamva mboni ziwiri zimene zinaima malo osiyana: pamene zasiyana mawu m'pamene ikudziwira kuti chinthucho chinali pati.

Disparity imatha msanga mtunda ukamakula. Mtunda ukawirikiza kawiri, kusiyana kumene zinthu ziwiri zotsatana zimapereka kumatsika kanayi. Ukawirikiza kakhumi, kumatsika ka 100. Ntchito yake yaikulu ili pamene mkono umafika ndi mapazi angapo patsogolo: mayi akulowetsa ulusi m'singano, mmisiri akukhoma msomali, munthu akutsika potsetsereka pa miyala. Kutali ilibe mphamvu kwenikweni.

Kum'mwera kwa Maravia kuli nyanja ya Cahora Bassa, imene inayamba kudzaza kumapeto kwa 1974 atatseka Zambezi pafupi ndi Songo. Usiku wopanda mwezi asodzi a kapenta amayatsa nyali zokopera nsomba, ndipo pamadzi pamangoti ngwee apa ndi apo, pakati pake mdima wa ndiweyani. Funsani munthu woima pagombe kuti nyali yapafupi ndi iti. Adzaloza yowala kwambiri, ndipo akhoza kulakwa ngakhale maso ake ali abwino onse, chifukwa nyali yamphamvu ili kutali imaoneka chimodzimodzi ndi yofooka ili pafupi. Pa mtunda wotero maso awiri amanena zofanana, mkangano palibe, ndipo mdima wameza zina zonse zimene ubongo umadalira.

Zina zonsezo zili ndi dzina lake, monocular cues, zizindikiro zimene diso limodzi lokha lingathe kuwerenga. Bwato likaphimba mbali ya bwato linzake, lophimbalo ndiye lapafupi. Ng'ombe ikaoneka yaing'ono ngati mbuzi, timadziwa kuti ili kutali popeza kukula kwa ng'ombe timakudziwa kale. Mu Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ukadzaza mlengalenga, mapiri amatuwa n'kuoneka ngati athawira kutali. Mvula yoyamba ikatsuka mpweya, phiri lomwelo limakhala ngati labwera kuseri kwa mudzi. Champhamvu kuposa zonse ndi chimene mumaona muli pa chapa (minibasi): mitengo ya m'mbali mwa msewu ikuthamangira kumbuyo, yapakatikati ikuyenda mwaulesi, phiri lakutali likukhala ngati likukuperekezani. Chimenechi ndi motion parallax. Brian Rogers ndi Maureen Graham anaonetsa mu 1979 kuti kusuntha mutu kokha, diso limodzi lili lotseka, kumakwanira kuti munthu aone pokwera ndi potsika.

Kusasiyanitsa zinthu zimenezi kunawanamizira Aafirika kwa zaka zambiri. Mu 1960 William Hudson, amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, anafalitsa zotsatira za mayeso ake a zithunzi zojambula pamanja. Pachithunzi pali mlenje wanyamula mkondo, patsogolo pake pali nyama yonga gwape, ndipo pakati pawo pali kanjovu kakang'ono kataima paphiri, kutanthauza kuti kali kutali. Funso linali lakuti mlenje akulasa chiyani. Ambiri mwa anthu osapita kusukulu ankati njovu, popeza papepalapo ndiyo inali pafupi ndi nsonga ya mkondo. Apa ena anathamangira kunena kuti munthu wakuda amavutika kuona chapafupi ndi chapatali. Jan Deregowski, amene ankachita kafukufuku ku Lusaka m'zaka za m'ma 1960, anayesa njira ina. Anapatsa ana asukulu ndi antchito a m'nyumba timitengo ndi tizibulunga ta dongo, n'kuwauza kuti amange chimene akuona pachojambula. Ambiri amene analephera mayeso a Hudson anamanga zinthu zoimirira, zokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Ine ndimaona kuti nkhaniyi sinafunike n'komwe kufika pamenepo. Pepala ndi lafulati, ndipo maso awiri amauza ubongo zoona kuti ndi lafulati. Kuwerenga mtunda pachojambula ndi mwambo wophunzira, monga kuwerenga mapu. Munthu amene analoza kanjovu kaja, mukanam'patsa mkondo weniweni kutchire, sakanaphonya gwape.

Amene anatsimikizira kuti disparity payokha imabala stereopsis ndi Charles Wheatstone wa ku London, mu 1838. Anajambula chinthu chimodzi kawiri, monga diso lililonse likanachionera, n'kuika akalilole awiri mopendekera kuti diso lamanja lione chojambula chake chokha, lamanzerenso chake. Mizere yafulati inadzuka n'kuima ngati chinthu chogwirika. Chipangizocho anachitcha stereoscope, ndipo mafilimu a 3D a masiku ano akuyendabe pa nzeru yomweyo. Koma mafunso anayamba kale iye asanabadwe. Ibn al-Haytham anali atalemba ku Cairo, zaka pafupifupi 1000 zapitazo, za chifukwa chimene maso awiri amaonera chinthu chimodzi nthawi zina, nthawi zina ziwiri.

Yesani izi. Yang'anitsitsani mtengo uli patali, kenaka ikani chala pafupi ndi mphuno, maso akadali pamtengo. Zala zikhala ziwiri, zooneka ngati mungapenye kupyola. Bwezani maso pachala, mumva akukokera mkati, kumene kumatchedwa convergence, ndipo tsopano mtengo ndiwo wasanduka iwiri. Malo okhawo amene zithunzi za maso onse zimagwera pofanana ndi mzere wokhota wodutsa pachinthu chimene mukuyang'anacho. Mzerewu ndi horopter, dzina limene wansembe wa Chijezuiti François d'Aguilon anaupatsa mu 1613. Kutsogolo ndi kumbuyo kwake kuli kampata kakang'ono kamene ubongo umathabe kuphatikiza zithunzi ziwiri kukhala chimodzi, ndipo kamadziwika ndi dzina la Peter Panum wa ku Denmark, amene anakafotokoza mu 1858. Kunja kwa kampatako zonse n'ziwiriziwiri tsiku lonse, kungoti sitilabadira. Kuona pawiri kumene munthu amadandaula nako, diplopia, kumabwera maso akalephera kukumana pachinthu chimene akufuna. Kachasu amachita zimenezi kwa maola ochepa. Zikayamba mwadzidzidzi kwa munthu wosamwa, makamaka wa shuga kapena wothamanga magazi, n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti ubongo umayamba wazindikira chinthu, kuti uyu ndi mphika, kenaka n'kuyerekeza mphika wa diso lamanja ndi wa lamanzere. Béla Julesz, injiniya amene anathawa ku Hungary mu 1956 n'kukagwira ntchito ku Bell Labs ku America, anagwetsa ganizo limeneli mu 1960. Anapanga pakompyuta mapepala awiri odzaza timadontho takuda ndi toyera tomwazika chisawawa. Onse anali ofanana, kupatula kuti pa limodzi anasuntha pang'ono gulu la timadontho ta pakati, n'kudzaza mpata wotsalawo ndi timadontho tina. Mukayang'ana pepala lililonse palokha simuona kanthu, ndi mchenga chabe. Mukapatsa diso lililonse pepala lake, pakati pamadzuka kabokosi kakulendewera m'malere. Ubongo ukuona mtunda usanadziwe kuti chinthucho n'chiyani. Mmene umadziwira kuti kadontho aka ka kumanja ndi mnzake wa ako ka kumanzere, pakati pa timadontho masauzande tofanana, ndi funso lotchedwa correspondence problem, ndipo opanga maloboti ndi magalimoto odziyendetsa akulimbana nalobe. Julesz ankadziwa kuti zithunzi ziwiri zojambulidwa pa ndege zimaulula zida zobisidwa ndi masamba. Mlenje amene amaona nkhwali itabisala duu mu udzu wofanana nayo mtundu akuthandizidwa ndi mphamvu yomweyo.

Zilombo zina zili nayo, zina zinapeza njira yawo. Kadzidzi ali ndi stereopsis. Chiswamphika nachonso chili nayo: ofufuza a ku yunivesite ya Newcastle anachimata timagalasi ta mitundu iwiri ndi phula la njuchi, n'kuchionetsa kanema, ndipo chinkagwira m'malere pamene kachilombo kabodza kankaoneka kuti kayandikira. Bilimankhwe, amene maso ake amayenda lililonse kwake, amayeza mtunda ndi mmene diso lakokera kuti chithunzi chiwale, kumene kumatchedwa accommodation. Lindesay Harkness atamuveka magalasi mu 1977, lilime linkaperewera kapena kupitirira molingana ndi mphamvu ya galasilo.

Mu 1967 Horace Barlow, Colin Blakemore ndi John Pettigrew anapeza mu ubongo wa mphaka timaselo timene timayankha pokhapokha zithunzi za maso awiri zikasiyana ndi muyezo wakutiwakuti. David Hubel ndi Torsten Wiesel, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1981, anali ataonetsa kale chinthu chimene makolo a ku Chiputo kapena ku Malowera, m'boma lomweli la Maravia, ayenera kuchimva. Mwana wa mphaka akatsekedwa diso limodzi m'miyezi yoyamba, disolo limakhala labwinobwino, koma ubongo umaleka kulimvera, ndipo sulimveranso ngakhale litatsegulidwa. Mphaka wamkulu akamuchita zomwezo, palibe chimene chimaonongeka. Nyengo yoopsayi ndi critical period.

Khanda la munthu silibadwa ndi stereopsis. Imayamba lili ndi miyezi ya pakati pa 3 ndi 5. Ngati diso limodzi limalowera kumphuno kapena kuthawira kunja, vuto limene kuchipatala cha ku Mozambique amalemba kuti estrabismo, zithunzi ziwiri zimasiyana kopitirira muyezo. Ubongo wa mwana, m'malo mopirira kuona pawiri, umangozimitsa chithunzi cha diso lopotokalo. Pakapita zaka diso lija limafooka osadwala: ambliopia. Mwanayo sadandaula, popeza sadziwa kuti anzake amaona mwina. Kumudzi timati akula nazo ziwongoka, kapena timangoti anatengera ambuye ake, ndipo pamene akufika kalasi yachitatu nthawi yabwino imakhala ikutha. Thandizo limagwira bwino mwana asanakwane zaka 7 kapena 8, ndipo nthawi zambiri si opaleshoni. Ena amangofunika magalasi. Ena amamatidwa kachigamba pa diso labwinolo maola angapo patsiku, kuti ubongo ukakamizike kumvera lofookalo. Ana amadana nako kachigambako, amakamatula mayi akangotembenuka, ndipo ntchito yeniyeni imagwera agogo ndi aphunzitsi.

Kuyeza kwake sikufuna magetsi. Woyeza amauza mwana kuti ayang'ane kachidole, n'kuphimba diso limodzi ndi khadi. Ngati losaphimbalo ladumpha kuti lipeze kachidoleko, ndiye kuti silinali kuyang'ana pamenepo. Kumene kuli zipangizo, amatulutsa kabuku ka Titmus kokhala ndi chithunzi cha ntchentche yaikulu, n'kumuveka mwana magalasi apadera. "Tagwira phiko lake, mwanawe." Amene ali ndi stereopsis amatsina m'malere, pamwamba pa pepala, ena mpaka kubweza dzanja ndi mantha. Amene alibe amagunda papepala penipeni. Muyezo wake ndi timagawo ta digiri totchedwa masekondi, 3600 pa digiri imodzi. Ntchentcheyo ndi ya masekondi pafupifupi 3000, yosavuta; maso abwino amafika pa 60 kapena 40.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti nyengo ija ikadutsa, basi zatha. Susan Barry, mphunzitsi wa sayansi ya ubongo ku America amene anali ndi maso opotoka kuyambira ukhanda, anayamba kuona ndi stereopsis ali ndi zaka 48 atachita masewera ophunzitsa maso, ndipo analemba buku la Fixing My Gaze mu 2009. Nkhani yake inatsegula kafukufuku watsopano, koma si chifukwa chochedwetsera mwana. Iye anali ndi katswiri womuyang'anira kwa miyezi yambiri, pamene kuchoka ku Fingoe kukafika kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete ndi ulendo wodya tsiku ndi ndalama.

Wamkulu amene wataya diso limodzi, kaya ndi ng'ala, kaya munga kapena phesi la chimanga linamulasa kumunda, vuto lake ndi lina. Miyezi yoyamba amathira tiyi pambali pa kapu, amaphonya dzanja popereka moni, amapunthwa pakhonde. Pang'onopang'ono amaphunzira kugwedeza mutu asanatole chinthu ndi kugunditsa mlomo wa ketulo pakapu asanathire. Wa ng'ala akachitidwa opaleshoni, nthawi zambiri stereopsis imabwerera, chifukwa ubongo wake unaiphunzira ali khanda. N'chifukwa chake agogo amene akuti diso linalo likuona, opaleshoni n'njachiyani, ndi bwino kuwafunsa kuti, "Kodi ulusi mukulowetsabe nokha m'singano?"