Matumbo akapotana ku Chimbiya

Kale, munthu wa ku Chimbiya matumbo akapotana, mimba n'kutupa ngati ng'oma, abale ankathamangira zitsamba, ambiri n'kutsikira kulichete. Amene anasintha zinthu kwambiri ndi ma clinical officer, omwe dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1976, College of Medicine isanatsegulidwe ku Blantyre mu 1991. Ena amati opaleshoni ndi ya dokotala yekha. N'zoona kuti kudula thumbo lowola kumafuna katswiri, n'chifukwa chake odwala otere amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma pa chipatala cha Dedza, woyamba kugwira mimbayo, kuika diripi ndi kuitanitsa ambulansi ndi clinical officer yemweyo. Abale anga, mimba ikatupa chimbudzi osatuluka, musagone nayo kunyumba.