Tanthauzo la Mawu Akuti “Sitata” pa Tindege ta Jeti

Mawu akuti “sitata”, omwe anabwerekedwa ku Chingerezi, amatanthauza kamota ka magetsi kamene kamayamba kuzunguza injini isanathe kuyenda payokha. Pa tindege ta jeti touluka mowongoleredwa ndi munthu ali pansi, kamotaka kamakhala kutsogolo kwa injini, ndipo ntchito yake ndi kuzunguza kompuresa, ndiko kuti gudumu la mapiko lokoka mpweya ndi kuupanikiza, kufikira palafini atayaka mokhazikika.

Kunsonga kwa sitata kumakhala kachitsulo kotchedwa Bendix, dzina lochokera kwa Vincent Bendix wa ku America, kamene kamatuluka n’kugwira nati ya kompuresa ndi kamphira kozungulira, kenaka n’kubwerera injini ikayamba kuyenda payokha. Choncho okonza akanena kuti sitata yafa, nthawi zambiri amaloza zinthu zosiyana. Mota ikamalira koma kompuresa osazungulira, kamphirako kamakhala katatha kapena katapakika mafuta, ndipo kamaterereka. Mota ikamazungulira mofooka, choyamba kuyeza ndi batire ndi mawaya ake, pakuti injini yozunguzidwa pang’onopang’ono imasowa mpweya, mafuta n’kuyaka mopyola muyezo, kutenthako n’kuwononga mapiko a mkati.