Mzikiti wa Dothi wa ku Djenné ndi Nkhondo Yake ndi Madzi

Mmisiri aliyense womanga nyumba amadziwa kuti mdani wamkulu wa khoma ndi madzi. Amabwera kuchokera kumwamba ngati mvula, kuchokera m'mbali mtsinje ukasefukira, ndiponso kuchokera pansi ngati chinyezi chokwera mwakachetechete kudzera m'maziko. Ife okhala m'mphepete mwa nyanja njira zitatu zonsezi timazidziwa bwino. N'chifukwa chake mbiri ya abale athu Asilamu a ku Djenné, m'dziko la Mali, ili yoyenera kuti tiimve, pakuti iwo asunga mzikiti waukulu wa dothi pakati pa dambo losefukira kwa zaka zoposa 100.

Mzinda wa Djenné uli m'chigwa cha mtsinje wa Bani, umene umathira mu Niger. Nyengo ya madzi ikafika, chigwa chonse chimamira ndipo mzindawo umasanduka chilumba. Makolo a kumeneko anasankha kumanga pa zitunda zimene madzi safikapo. Buku la mbiri la Tarikh al-Sudan, lolembedwa ndi al-Sa'di m'zaka za m'ma 1600, limasimba za mfumu Kunburu imene italowa Chisilamu inagumula nyumba yake yachifumu n'kumangapo mzikiti. Olemba mbiri ambiri amati zimenezi zinachitika cha m'ma 1200.

Mzikiti woyambawo unafa imfa yophunzitsa. Seku Amadu, mtsogoleri wa ufumu wa Masina, atatenga mzindawo sanaukonde mzikiti wakalewo, ndipo anausiya osausamalira. Mlendo wa ku France, René Caillié, atafika mu 1828 anaupeza uli malo a zisa za anamzeze. Pakati pa 1834 ndi 1836 Seku Amadu anamanga mzikiti wina chakum'mawa kwake. Mbiri ya pakamwa ya ku Djenné imanena kuti popeza kugumula nyumba ya Allah ndi manja n'koletsedwa, anangolamula kuti mipopi yotulutsa madzi padenga itsekedwe, mvula n'kumaliza yokha ntchitoyo. Mmisiri akamva nkhaniyi sadabwa ayi: nyumba ya dothi imene madzi ake asowa potulukira yaweruzidwa kale.

Mzikiti umene ulipo lero unamalizidwa mu 1907, pa malo a woyamba uja, Afalansa akulamulira dzikolo. Wotsogolera ntchito anali Ismaila Traoré, mkulu wa gulu la amisiri a mzindawo lotchedwa barey ton. Tiyeni tione momwe amisiriwa anayankhira njira zitatu zija za madzi.

Pothana ndi madzi a m'mbali ndi a pansi, anaukhazika mzikitiwo pa chiunda chokwera mamita 3 kuchokera pabwalo la msika, chotalika pafupifupi mamita 75 mbali iliyonse. Wopita kukaswali amayamba wakwera masitepe. Motero tsinde la khoma, pamene njerwa zosawotcha zimayambira kusungunuka, lili kutali ndi madzi oyenda komanso chinyezi cha m'dambo.

Pothana ndi mvula, anaika mipopi ya dothi lowotcha yotuluka m'mphepete mwa denga, yoponya madzi patali kuti asatsetsereke pakhoma. Denga, limene lagona pa nsanamira 90, lili ndi timabowo tolowetsa mphepo ndi kuwala, ndipo kalikonse kali ndi chivundikiro chake choumba chotsekera mvula. M'makoma anazikamo mitolo ya mitengo ya m'gulu la migwalangwa, yotchedwa toron, yotulukira kunja ngati minga. Mlendo amaiona ngati zokongoletsa, koma ndi makwerero osachoka, oikidwa ndi amisiri amene ankadziwa kuti khomalo lidzafuna kumatidwa chaka ndi chaka.

Ndipo limamatidwadi. Chaka chilichonse, dzinja lisanafike, mzinda wonse umatuluka. Dothi lochokera kumtsinje limasakanizidwa ndi mankhusu a mpunga n'kusiyidwa m'maenje masiku angapo kuti lifewe, anyamata akulipondaponda. Tsikulo likakwana, amayi ndi atsikana amatunga madzi, anyamata amathamanga ndi madengu a dothi, amisiri amakwera pa toron n'kumamata ndi manja, ndipo akuluakulu amene anagwira ntchitoyi m'zaka zawo amakhala pabwalo n'kumayang'anira. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ku Djenné mwambiwu umaoneka ndi maso. Mu 1988 bungwe la UNESCO linaika mzinda wakalewu pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Komabe mbiriyi ili ndi machenjezo ake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mumzindamo munafika madzi a m'mipopi, koma popanda ngalande zochotsera madzi ogwiritsidwa kale ntchito. Madzi ochapira ndi osambira anayamba kutayidwa m'tinjira, n'kumaima m'tsinde mwa makoma a dothi. Chithandizo chabwino chinabala vuto chifukwa palibe anafunsa kumene madziwo adzapite akatha ntchito yake.

Chenjezo lachiwiri linachokera ku kumata komweko. Dothi lowonjezedwa chaka ndi chaka linakhuthala n'kulemera, ndipo linkabisa ming'alu ndi mitengo yofumbwa ya m'kati. Mu 2006, akatswiri otumidwa ndi Aga Khan Trust for Culture atakwera padenga kukaliyeza, anthu a mumzinda anaganiza kuti mzikiti wawo ukuwonongedwa, ndipo kunabuka chipolowe. Ntchito yokonza inayambabe pambuyo pake, amisiri a komweko akugwira nawo. Pa 5 November 2009, mvula ya mamilimita 75 itagwa tsiku limodzi, gawo lapamwamba la nsanja imodzi ya khoma la chibula linagwa. Inamangidwanso ndi dothi lomwelo, ndipo mzikitiwo ukuswalitsabe Ijuma mpaka lero.

Kodi ife titolepo chiyani? Mu 2024 tinaona Nyanja ya Malawi ikukwera n'kulowa m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Nzeru za ku Djenné n'zotheka pakhomo lililonse: kumanga pamalo okwera ndi kukweza maziko, kuyala pepala lotchinga chinyezi pakati pa maziko ndi khoma, kutulutsa denga kuti khonde litchinjirize tsinde la nyumba, kukumba ngalande yopititsa kutali madzi a padenga, a kubafa ndi a pamalo potawazira pamzikiti, ndiponso kufufuza chimene chang'amba khoma tisanathamangire kulimata. Makomiti a mizikiti ndi madrasa aikire ntchitoyi tsiku lake mvula isanayambe, ndipo auze jamaa zonse zimene akufuna kuchita asanakhudze khoma.

Nyumba imene tikugonamo ndi mzikiti umene tikuswaliramo ndi amana imene tidzaisiyira ana athu. Allah atipatse nzeru ndi umodzi wa kuisamalira. Ameen.