Kukokana kwa Minofu ya Phazi ndi Katumba, ndi Zala Zogwedezeka Zokha

Munthu akhoza kudzidzimuka usiku katumba atauma ngati mwala, zala zakuphazi zitapindika kapena zikugwedezeka zokha. Kawirikawiri ululuwo umatha pakapita mphindi zochepa.

Zoyambitsa

Vutoli limadza chifukwa cha kutopa kwa minofu, kuchepa kwa madzi ndi mchere m'thupi, uchembere, kapena mankhwala okodzetsa. Likamabwerezabwereza limodzi ndi dzanzi kapena kutentha kwa mapazi, minyewa ingakhale itawonongeka ndi matenda a shuga, HIV, mowa, kapena isoniazid, mankhwala a TB. Nchifukwa chake odwala TB amapatsidwanso vitamini B6.

Zoyenera kuchita

Wongolani mwendo, kokerani zala chakubondo kwa masekondi 30, kenaka sisitani katumbayo ndi kumuthowa ndi nsalu yofunda. Wongolani minofu musanagone, ndipo imwani madzi okwanira. Musamwe kwinini pofuna kuthetsa vutoli, komanso musasiye mankhwala anu musanafunse adokotala.

Pitani kuchipatala msanga ngati:

- katumba mmodzi watupa ndipo akutentha, pakuti mwina magazi aundana mumtsempha;
- phazi lafooka kapena lili ndi chilonda chosapola;
- nsagwada zauma mutavulala, chomwe ndi chizindikiro cha kafumbata.