Kufula

Ku Malomo munthu akati akukafula, mumufunse kaye: njuchi kapena mbuzi? Kufula uchi n'kutapa zisa mumng'oma. Kufula chiweto chachimuna n'kuchichotsa machende kuti chisabereketse, ndipo chikatero chimatchedwa mfule.

Galu naye amafulidwa. Wamkazi ndiye wofunika kumusamala kwambiri, poti amang'ambidwa pamimba n'kuchotsedwa chiberekero. Imeneyi ndi ntchito ya dokotala wa ziweto, monga a LSPCA ku Lilongwe, osati ya lumo pakhonde ayi.

Galuyo akabwera kunyumba, mugonekeni pouma, asanyambite bala, ndipo musamusambitse masiku 10 mpaka 14. Bala likatupa kapena kuchita mafinya, thamangirani kwa alangizi a ziweto. Wofulidwayo akakhala mphaka, chonde musamupatse Panado ngakhale kachidutswa, amafa naye.