Mwala Wosweka: Kuchokera pa Ng'anjo Kufika ku Changalume

Chigwa cha Domasi, chimene chili pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa, chimadziwika ndi mishoni imene Alexander Hetherwick anayambitsa m'chaka cha 1884. Komatu sukulu isanamangidwe, dera lino linali kale ndi akatswiri ake. Mu 1859, David Livingstone atadutsa m'midzi ya Amang'anja popita ku nyanja ya Chilwa, anapeza ng'anjo, ootcha makala ndi osula makasu.

Ntchito ya ng'anjo inkayambira pansi. Mwala wachitsulo ankauswa ndi mwala unzake, nkutola tizidutswa tolemera, nkutaya zinazo. Makolowo ankadziwa kuti chidutswa chachikulu sichipsa mpaka m'kati, pamene fumbi limatseka mpweya wa mvukuto. Luso linali posankha msinkhu woyenera.

Sayansi inadzalemba zomwezo m'mabuku. Mu 1858, Eli Whitney Blake wa ku America anatenga chiphaso cha makina oswa miyala pakati pa zitsulo ziwiri zotafuna ngati nsagwada. Mu 1867, Peter von Rittinger anaonetsa kuti mwala ukamasalala, mphamvu yofunika poupera imakwera. Mayi aliyense wogwira munsi amadziwa zimenezi: kukonola sikutopetsa ngati kusinja ufa.

Makina otere anafika m'boma la Zomba kudzera ku Changalume, kuseri kwa phiri. Kumeneko miyala ya layimu inkaswedwa, kuperedwa ndi kuotchedwa pa moto woposa madigiri 1,400 mpaka kusanduka klinka. Sitima inkanyamula klinkayo kupita ku Blantyre, komwe ankamuperanso kuti akhale simenti. Fakitaleyo inatsekedwa mu 2002, ndipo mabanja ambiri anataya podalira.

Ng'anjo zinazima kalekale, makasu a m'sitolo atachuluka. Lero amayi ndi anyamata amaswa kwale ndi hamala m'mbali mwa misewu, pamene miyala yonyezimira ya m'phiri la Malosa inkakagulitsidwa kunja monga momwe inakumbidwira. Phindu lenileni limatsalira kwa amene amadziwa kuswa, kupera ndi kulekanitsa.

Ana a chigwachi ali ndi cholowa choposa magule ndi zovala zamwambo. Agogo awo ankatulutsa khasu m'mwala. Ngati nkhaniyi siphunzitsidwa pamodzi ndi sayansi ya m'kalasi, mbadwo wotsatira udzakhala wonyamula miyala yoti ena akalemerere.